Bionic Ikungonamiziridwa pa Mlandu wa Mapulogalamu a Linux pa Foni

Kuyambira mu 2008, pamene foni yoyamba ya Android inafika pamsika, pakati pa olemba mapulogalamu pakhala dandaulo losatha lakuti chipangizo chimene chimayendera Linux chimakana kutsegula mapulogalamu a Linux. Dandauloli ndi loona, chifukwa pulogalamu imene ikugwira bwino ntchito pa kompyuta ya Debian kapena Ubuntu, ngakhale itamangidwira purosesa ya ARM yofanana ndi ya m'foni, imakana kudzuka ikakoperedwa mu foni ya Android. Cholakwika chili pa amene akuimbidwa mlandu. Ambiri amaloza chala Bionic, laibulale ya C imene Google inaika mu Android m'malo mwa glibc, ndipo amanena kuti kampaniyo ikanatsata njira imene ena onse anatsata, bwenzi lero foni ndi kompyuta zikumvana popanda vuto. Maganizo amenewa amalowa msanga m'mutu, koma amabisa amene ali ndi mlandu weniweni, omwe ndi makampani opanga matchipu amene amakana kuonetsa malemba a madalaivala awo (mapulogalamu oyendetsa matchipuwo), pamodzi ndi eni Android ndi opanga mafoni amene amadulira mwini foni malire a zimene angachite ndi katundu amene anagula ndi ndalama zake.

Dzina lakuti Linux limaphimba zinthu ziwiri zimene ziyenera kulekanitsidwa. Chimene Linus Torvalds anayamba mu 1991 ndi kernel, ndiye kuti phata la dongosolo loyendetsa makina, limene limagawa memori, limasunga mafayilo, limatumiza uthenga pa netiweki ndiponso limasankha pulogalamu yoti ipatsidwe purosesa pa kanthawi kalikonse. Mapulogalamu wamba salankhula ndi kernel mwachindunji kawirikawiri, koma amadzera mu laibulale ya C, womwe ndi mtolo wa ntchito zolembedwa kale zimene pafupifupi pulogalamu iliyonse imafuna, monga malloc yopempha memori, open yotsegula fayilo, printf yolemba mawu ndi getaddrinfo yofufuza adiresi ya seva pa intaneti. Monga mmene munthu wa m'mudzi sangofikira kwa mfumu ndi nkhani yake koma amayamba wadzera kwa nyakwawa amene amadziwa kayalidwe ka nkhani pabwalo limenelo, pulogalamu nayonso imadalira laibulale kuti pempho lake lifike ku kernel m'njira yovomerezeka, ndipo Android ndi Debian zili pansi pa mfumu imodzi koma anyakwawa ake ndi osiyana. Ngakhale pulogalamu yolembedwa mu Python kapena Java imadzera pomwepo pamapeto pake, popeza chida chimene chimaiyendetsa chinalembedwa mu C kapena C++.

Laibulale ya glibc inayambidwa ndi Roland McGrath chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 pansi pa ntchito ya GNU, ndipo ndi imene Debian, Ubuntu, Fedora ndi Arch zimagwiritsa ntchito. Bionic inasonkhanitsidwa kwenikweni kuchokera ku malemba a OpenBSD, FreeBSD ndi NetBSD, ndipo Google inali ndi zifukwa ziwiri zodziwika. Inkafuna laibulale yaing'ono yoti ikwane m'mafoni a nthawi imeneyo, popeza HTC Dream, foni yoyamba ija, inali ndi memori ya mamegabaiti 192 okha, komanso inkafuna kuti malamulo a laisensi za GNU, amene amafuna kuti wosintha laibulale agawireko ena malemba a zimene wasintha, akhale kutali ndi malo amene opanga mafoni amaikamo zinthu zawo zachinsinsi. Palinso laibulale yachitatu, musl, imene Rich Felker anatulutsa mu 2011 ndipo Alpine Linux inaitenga mu 2014.

Kusamvana kwa malaibulalewa kumaonekera bwino munthu akakopera pulogalamu ya Debian mu foni n'kuyesa kuiyendetsa. Foni imayankha kuti "No such file or directory", ngati kuti fayiloyo palibe, pamene mwiniwake akuiona ndi maso ake mu foda momwe waiika. Chimene chikusowa ndi fayilo ina. Kumayambiriro kwa pulogalamu iliyonse yomangidwa mwa njira yofala kumalembedwa dzina la chida cholumikiza, chimene ntchito yake ndi kusonkhanitsa malaibulale onse ofunika pulogalamu isanayambe, ndipo ya Debian imapempha /lib/ld-linux-aarch64.so.1 pamene Android ili ndi /system/bin/linker64. Wina atakonza dzinalo, pulogalamu ipempha libc.so.6 pamene foni ili ndi libc.so, ndipo atakonzanso pamenepo, ipempha ntchito zodindidwa chizindikiro chonga GLIBC_2.17 chimene Bionic sichidziwa. Pansi pa zonsezi pali kusiyana kozama kwa kayalidwe ka zinthu mu memori. Loko yotchedwa mutex, imene imaletsa magawo awiri a pulogalamu imodzi kulemba pamalo amodzi nthawi imodzi, imatenga mabaiti 4 mu Bionic pa purosesa ya ARM ya mabiti 32, pamene mu glibc imatenga mabaiti 24, kotero kuti laibulale ina ikagwira loko ya inzake imalemba mopyola malire n'kuwononga zimene zili pafupi.

Apa m'pamene akatswiri amasiyanitsa mapangano awiri. Pangano loyamba, API, limakhudza malemba amene munthu walemba, ndipo limanena mayina a ntchito ndi zimene ntchito iliyonse imachita. Mbali yaikulu ya pangano limeneli inalembedwa mu muyezo wa POSIX, umene malaibulale onse atatu amayesetsa kutsata. Pangano lachiwiri, ABI, limakhudza pulogalamu ikamangidwa, ndiye kuti malemba aja akasandutsidwa manambala amene purosesa imamva, ndipo pamenepa laibulale iliyonse ili ndi miyeso yakeyake. Tanthauzo lake n'lakuti amene ali ndi malemba angathe kumanganso pulogalamu kuti igwirizane ndi laibulale ina iliyonse, pamene amene wangopatsidwa pulogalamu yomangidwa kale wamangidwira ku laibulale imodzi mpaka kalekale.

Umboni wakuti Bionic payokha si khoma ndi Termux, pulogalamu imene Fredrik Fornwall anayamba kugawa mu 2015. Amene amaisamalira amatenga malemba a Python, Git, Clang, Vim, OpenSSH, Node.js, PostgreSQL ndi mapulogalamu ena ambirimbiri, amawakonza pang'ono pamene akudalira zinthu zimene Android ilibe, kenako amawamanga pa Bionic n'kuwaika pansi pa foda ya /data/data/com.termux/files/usr, popeza Android ilibe /usr imene mapulogalamu a Linux anazolowera. Ntchitoyo si yopepuka, chifukwa Bionic ilibe pthread_cancel, imadziwa zochepa za kalembedwe ka madeti ndi manambala m'zinenero zosiyanasiyana, ndipo imafufuza maadiresi a intaneti podzera mu gawo la Android lotchedwa netd m'malo mowerenga fayilo ya /etc/resolv.conf. Komabe mipata yotereyi yakhala ikutsekedwa chaka ndi chaka, moti Android 9 ya mu 2018 inawonjezera iconv, glob ndi posix_spawn, ndipo Python 3.13 ya mu 2024 inalandira Android pamndandanda wa madongosolo amene imawathandiza mwalamulo. Kumene malemba ali poyera, kusiyana kwa malaibulale kwakhala ntchito yotopetsa koma yotheka, imene anthu ongodzipereka aigwira kwa zaka zambiri popanda kulipidwa ndi kampani iliyonse yopanga mafoni.

Nkhani imasintha munthu akayang'ana mbali inayo, ya amene akufuna kuchotsa Android n'kuika Linux yathunthu pa foni. Kernel ndi yotseguka chifukwa laisensi ya GPL imakakamiza opanga mafoni kugawa malemba ake, koma mbali ya dalaivala imene imagwira ntchito kunja kwa kernel, yoyendetsa tchipu yojambula zithunzi pa sikirini, kamera, GPS ndi kulumikizana ndi netiweki ya foni, imachokera ku makampani onga Qualcomm, MediaTek, Unisoc, Arm ndi Imagination ili yomangidwa kale, ndipo imamangidwira Bionic yokha. Mu 2012 Carsten Munk analemba libhybris pofuna kuzemba chipsinjo chimenechi, ndipo kagwiridwe kake ka ntchito kamaonetsa kukula kwa vutolo kuposa mawu alionse odandaula. Chidachi chimanyamula kope losinthidwa la chida cholumikiza cha Android, chimalowetsa dalaivala wa Bionic mkati mwa pulogalamu ya glibc, kenako chimatchera pempho lililonse limene dalaivalayo akutumiza ku Bionic n'kulipatutsira ku glibc. Pa nkhani ya loko ija, popeza mabaiti 24 sangalowe m'malo a mabaiti 4, libhybris imapanga loko yeniyeni ya glibc pamalo ena mu memori, ndipo m'mabaiti anayi aja imangosungamo adiresi ya kumene lokoyo ili. Luso lake ndi logometsa, ndipo ndi limene linanyamula Sailfish OS ya kampani ya Jolla kuyambira mu 2013, Ubuntu Touch imene inatuluka pa foni ya BQ Aquaris E4.5 mu 2015, komanso ntchito ya Halium imene inayamba mu 2017, yomwe imafika poyendetsa kachidutswa ka Android mkati mwa Linux n'cholinga choti kamera ndi netiweki zigwire ntchito. Koma nzeru zonsezi zathera pa kunyengerera mafayilo angapo amene eni ake akanangotulutsa malemba ake, ntchito yomanganso ikanakhala yaing'ono poyerekeza.

Otsutsa anganene kuti ngati madalaivalawo akanamangidwira glibc kuyambira pachiyambi, libhybris sikanafunika, choncho mlandu ubwererabe kwa Bionic. Mbiri ya Nokia N900 imayankha mfundo imeneyi mokwanira. Foni imeneyi, ya mu 2009, inkayendera Maemo, dongosolo lochokera ku Debian lokhala ndi glibc yeniyeni, ndipo mapulogalamu a pa kompyuta ankamangidwira pa iyo mosavuta. Ngakhale zinali choncho, dalaivala wa tchipu yake yojambula ya PowerVR anali wotsekedwa, wogwirizana ndi kernel 2.6.28 imene foniyo inabwera nayo, ndipo Nokia itatembenukira ku Windows Phone mu February 2011, anthu amene anafuna kupitiriza kusamalira foniyo anavutika ndi dalaivala ameneyu kwa zaka zambiri. Laibulale inali imene odandaula amaifuna, koma khoma linali lomwelo. Laisensi ya glibc siletsa madalaivala otsekedwa, monga mmene aliyense amene anagwiritsapo ntchito khadi la Nvidia pa Linux akudziwira, kotero kuti kusintha laibulale kukanangosintha dzina la unyolo.

Izi sizikutanthauza kuti Google ilibe mlandu, koma mlandu wake uli pa malamulo a Android osati pa laibulale. Kuyambira ndi Android 10 ya mu 2019, pulogalamu imene yalembetsa kuti ikutsata malamulo atsopano siloledwa kuyendetsa fayilo imene yakopera mu foda yake, ndipo popeza moyo wonse wa Termux ndi kukopera mapulogalamu n'kuwayendetsa, inakakamizika kukhalabe pa malamulo a Android 9, zimene zinachititsa kuti mu 2020 isiye kutumiza zosintha ku Google Play n'kuyamba kudalira sitolo ina ya mapulogalamu, F-Droid. Android 12 ya mu 2021 inawonjezera mlonda wina amene amapha timapulogalamu tothandizira tikapyola 32 pa foni yonse, moti munthu amene akumanga pulogalamu yaikulu amangoona ntchito yake yadulidwa pakati ndi uthenga wa signal 9. Zifukwa za chitetezo ndi za batire zimene Google imapereka zili ndi maziko, chifukwa pulogalamu imene imatha kukopera ndi kuyendetsa chilichonse ingakhalenso khomo la akuba, ndipo wolemba aliyense woona mtima ayenera kuvomereza zimenezi. Chodandaulitsa n'chakuti Google itafuna kupereka Linux kwa ogwiritsa ntchito, mu March 2025 inatulutsa pa mafoni ake a Pixel pulogalamu ya Terminal imene imayendetsa Debian yathunthu mu kompyuta yongoyerekezera, ndiye kuti kompyuta yachiwiri yopangidwa ndi mapulogalamu mkati mwa foni, yokhala ndi kernel yakeyake ndi glibc yakeyake. Njira imeneyi imalambalala nkhani yonse ya malaibulale, koma imafuna purosesa ya mabiti 64 yololedwa kugawa makina motero ndiponso memori yokwanira madongosolo awiri, ndipo kupezeka kwake kumadalira chifundo cha wopanga tchipu ndi wopanga foni. Samsung inayesapo zofanana ndi zimenezi ndi Linux on DeX mu 2018, ndipo inazitaya chaka chotsatira.

Apa m'pamene nkhaniyi imakhudza owerenga a ku Malawi, ku Zambia ndi kumpoto kwa Mozambique, kumene kwa anthu ambiri foni ndiyo kompyuta yokhayo imene ali nayo. Mafoni ofala m'misika ya Lilongwe, Limbe ndi Chipata ndi a Itel, Tecno ndi ena otsika mtengo, okhala ndi matchipu a Unisoc kapena MediaTek ndi memori yochepa, ndipo ena mwa iwo amayendera Android Go ya mabiti 32. Wophunzira amene akufuna kuzolowera Python kapena Git pa foni yotere sangayembekezere kompyuta yongoyerekezera ya Pixel. Chimene angathe ndi Termux, kapena kuika Debian mkati mwa Termux pogwiritsa ntchito proot, chida chimene chimaimitsa pulogalamu pa pempho lililonse lopita ku kernel kuti chisinthe mayina a mafoda, ndipo potero chimachedwetsa ntchito pa foni imene inali yochedwa kale. Foni yomweyo ikasiya kulandira zosintha, zimene kwa mafoni otsika mtengo sizitenga nthawi, mwiniwake sangaikemo dongosolo lina, chifukwa matchipu amenewa ndi amene ali kumapeto kwenikweni pa nkhani ya madalaivala otseguka. Lamulo limene kwa mwini Pixel ndi vuto laling'ono, kwa mwini Itel limatseka khomo lonse.

Olemba mapulogalamu otseguka nawonso sangasambe m'manja. Kwa zaka zambiri ochuluka a iwo ankalemba ngati kuti glibc ndiyo Linux, akugwiritsa ntchito zowonjezera za GNU popanda kufunsa ngati zilipo kwina, ndipo anthu a Alpine ndi a postmarketOS, dongosolo la mafoni limene Oliver Smith anayambitsa mu 2017 pa maziko a musl, ndi amene akhala akutola zinyalala zake. Ngakhale mkati mwa glibc momwemo mulibe mtendere umene anthu amauganizira, popeza pulogalamu yomangidwa pa kompyuta yatsopano imakana kudzuka pa yakale ndi dandaulo lakuti GLIBC_2.34 sinapezeke, ndipo mu 2022 kusintha kwina mu glibc 2.36 kunaimitsa masewera ambiri a pa kompyuta amene amadalira Easy Anti-Cheat, chida china chotsekedwa chimene palibe akanatha kuchimanganso kupatula eni ake. Anthu a Python anafika polemba miyezo iwiri yosiyana, manylinux mu 2016 ndi musllinux mu 2021, kuti katundu womangidwa kale adziwike laibulale imene akufuna. Kukhalapo kwa musl ndi Bionic kwathandiza kuulula zolakwika zambiri zimene zikanabisika pakanakhala laibulale imodzi yokha, ndipo amene amalakalaka kuti dziko lonse likhale pa glibc akupempha kuti zolakwikazo zibisikenso.

Makampani opanga matchipu amadziteteza ndi mfundo ziwiri, yakuti m'madalaivala muli zinsinsi za malonda ndi luso la makampani ena limene saloledwa kuulula, ndi yakuti malamulo a mafunde a wailesi salola kuti aliyense azisintha mmene foni imalankhulira ndi nsanja za netiweki. Mfundo yachiwiriyi ikukhudza pulogalamu ya mkati mwa modemu, imene imayendera pa purosesa yakeyake ndipo silumikizana ndi Bionic kapena glibc, choncho singagwiritsidwe ntchito pobisa dalaivala wa sikirini kapena wa kamera. Mfundo yoyamba yagonjetsedwa ndi zochitika. Intel ndi AMD akhala akugulitsa matchipu ojambula okhala ndi madalaivala otseguka kwa zaka zambiri ndipo sanagwe. Rob Clark anayamba dalaivala wotseguka wa Freedreno mu 2012 pofufuza yekha mmene tchipu ya Adreno ya Qualcomm imagwirira ntchito, ena anachita chimodzimodzi ndi matchipu a Mali a kampani ya Arm polemba Lima ndi Panfrost, ndipo mu 2020 kampani ya Arm inalengeza kuti iyamba kugwirizana ndi kampani ya Collabora pa ntchito ya Panfrost. Madalaivala amenewa ali mu Mesa, mtolo wa madalaivala otseguka a matchipu ojambula, amamangidwa pa glibc, pa musl ndi pa Bionic kuchokera ku malemba amodzi, ndipo ndi chifukwa chake foni yonga OnePlus 6 ya mu 2018 imatha kuyendera postmarketOS ndi kernel yatsopano popanda libhybris.

Malamulo a boma afika pafupi ndi nkhaniyi koma aima panjira. Lamulo la European Union la nambala 2023/1670, limene linayamba kugwira ntchito pa 20 June 2025, limafuna kuti foni izilandira zosintha za dongosolo kwa zaka zosachepera 5 kuchokera pamene mtundu wake wasiya kugulitsidwa, ndiponso kuti zipangizo zosinthira zizipezeka kwa zaka 7. Silinena kanthu za malemba a madalaivala, kapenanso za bootloader, kapulogalamu koyamba kudzuka foni ikayatsidwa, kamene kamasankha ngati dongosolo lina lingaloledwe kulowa, ndipo makampani ali ndi ufulu wokhoma khomo limeneli monga Huawei inachitira mu 2018 pamene inasiya kupereka manambala otsegulira. Pempho loyenera kupita kwa opanga malamulo ndi lakuti kampani ikaleka kusamalira foni, izikakamizidwa kutsegula bootloader ndi kutulutsa malemba a madalaivala kapena mabuku ofotokoza matchipu ake. Amene anganene kuti zimenezi n'zosatheka pa malonda afotokoze chifukwa chake ma Chromebook a tchipu ya Snapdragon 7c, amene ChromeOS yake ndi ya Google yomweyo ndipo tchipu yake ndi ya Qualcomm yomweyo, anagulitsidwa m'masitolo akuyendera Freedreno.